Nambala mwalemba m'kaundula ija ikufikira kwa R

Mukalemba m'kaundula kuti mwana wakuti walemera makilogalamu 8.5, kapena kuti m'mudzi mwakuti anthu atatu akutsegula m'mimba kuyambira Lachiwiri, nambalayo siithera m'bukumo. Imakwera pa fomu ya lipoti la pamwezi, fomuyo imapita kuchipatala cha m'dera lanu, kuchoka apo kuboma, ndipo kumeneko wina amailowetsa m'kompyuta. Unduna wa Zaumoyo umasunga manambala ambiri otere m'pulogalamu yotchedwa DHIS2, yomwe amaiyang'anira ndi akatswiri a pa University of Oslo ku Norway ndipo maiko oposa 70 amaigwiritsa ntchito.

DHIS2 ili ngati nkhokwe. Chimanga chikakhala m'nkhokwe pamafunikabe wina wochitapa, kuchikonola ndi kuchigayitsa kuti anthu adye. Pantchito yachiwiriyi, akatswiri a za miliri ambiri padziko lapansi masiku ano amadalira chiyankhulo cha kompyuta chomwe dzina lake ndi chilembo chimodzi chokha, R. Zaka zochepa zapitazi chapeza zida zatsopano zingapo zokhudza sikelo ya ana ndi miliri ngati kolera, choncho n'koyenera kuti inu amene mumatolera manambalawo mudziwe chomwe chimawachitikira kutsogoloko.

Chiyankhulo cha kompyuta ndi njira yolembera malangizo oti makinawo atsatire. Taganizirani za pepala la kaphikidwe ka phala la Likuni lomwe mumapatsa amayi kusikelo: makapu angati a ufa, madzi ochuluka bwanji, liwire nthawi yaitali bwanji. Pepalalo likalembedwa bwino, aliyense wolitsatira amaphika phala lofanana. Wolemba R amachita chimodzimodzi. Amalemba kuti tsegula mndandanda wa odwala, konza maina a midzi, werenga odwala a sabata iliyonse, jambula chithunzi cha momwe akuchulukira. Mawa pakabwera odwala ena 200, sayambiranso. Amangodina batani ndipo malangizo omwe aja amagwira ntchito pamndandanda watsopano.

R adaiyamba ndi aphunzitsi awiri a masamu a chiwerengero pa University of Auckland ku New Zealand, a Ross Ihaka ndi a Robert Gentleman, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Maina awo onse amayamba ndi R, komanso ankatengera chiyankhulo china chakale chotchedwa S. Mu 1995 adaitulutsa pansi pa chilolezo chomwe chimalola aliyense kuitenga, kuyang'ana m'kati mwake, kuikonza ndi kugawira ena osalipira. R yoyamba yokhwima, yomwe adaipatsa nambala 1.0.0, idatuluka pa 29 Febuluwale 2000.

Kusalipirako ndiko kumamveka msanga, poti mapulogalamu ena owerengera ngati SPSS, Stata ndi SAS amafuna laisensi ya madola, ndipo nonse mukudziwa m'mene dola ikusowera. Komabe chachikulu kuposa ndalama n'chakuti palibe chobisika. Wina akakuuzani kuti ana 40 pa 100 alionse m'dera lanu ndi opinimbira, katswiri wina angathe kupempha malangizo omwe adalembedwa aja, kuwawerenga mzere ndi mzere, n'kuona ngati masamuwo adayenda bwino. Mankhwala omwe palibe akudziwa zomwe adasakaniza m'botolo mwake simungawakhulupirire, ndipo chiwerengero chomwe palibe angachitsatire komwe chachokera chili chimodzimodzi.

Musaganize kuti zolakwika za m'kompyuta zimachitikira maiko osauka okha. Mu Okutobala 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, ku England kudadziwika kuti anthu pafupifupi 16,000 omwe adawapeza ndi kachilomboka sadalowe m'chiwerengero cha boma pa nthawi yake. Chidachitika n'chakuti zotsatira zochokera kumalabotale ankazisonkhanitsa m'fayilo ya Excel ya mtundu wakale, yomwe imathera pa mizere 65,536. Fayilo ikadzaza, maina otsalawo ankangotayika mwakachetechete, ndipo anthu omwe adakhudzana ndi odwalawo adachedwa kuwafikira. Excel si yoipa, maofesi ambiri a zaumoyo amayendera yomweyo. Vuto ndi ntchito yokopera ndi kumata pamanja tsiku ndi tsiku, yomwe siisiya mapazi oti wina adzalondole pomwe padalakwika.

Phukusi la sikelo

R payokha ili ngati njinga yopanda kaliyala. Anthu amaiwonjezera zida zomwe amazitcha maphukusi, ndipo amazisunga pamalo a pa intaneti otchedwa CRAN, omwe adayamba mu 1997. Lero pali maphukusi oposa 20,000. Ambiri sakukhudzani, koma limodzi likukhudza mwana aliyense yemwe mumamukweza pasikelo.

Dzina lake ndi anthro, ndipo eni ake ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Mizere yokhotakhota yomwe mumaiona m'buku la kuchipatala la mwana idachokera pakafukufuku yemwe bungweli lidachita kuyambira 1997 mpaka 2003 pa ana oposa 8,000 a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi America. Adapeza kuti ana oyamwitsidwa bwino, okhala pamalo aukhondo ndi olandira chisamaliro amakula mofanana kwambiri, kaya ndi a ku Accra kapena a ku Oslo. Miyezo yochokera pakafukufukuyo idatuluka mu 2006. Phukusi la anthro limatenga kulemera, msinkhu, zaka ndiponso ngati mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi, n'kuwerengera kuti mwanayo watalikira bwanji pamzere wapakati. Limachita zimenezi kwa ana zikwizikwi m'kanthawi kochepa.

Apa ndi pomwe dzanja lanu limalemera. Mwana wamwamuna wa msinkhu wa masentimita 75 ali bwinobwino ngati ali ndi miyezi 12, chifukwa mzere wapakati pa msinkhu umenewo uli pa 75.7. Koma mwana yemweyo akakhala ndi miyezi 18 ndiye kuti ndi wopinimbira, chifukwa anzake amakhala atafika cha pa 82 ndipo malire a kupinimbira ali pafupi ndi 77. Kusiyana kwa mwana wathanzi ndi mwana wofunika thandizo kwagona pa tsiku lobadwa. Mayi akanena kuti mwanayu adabadwa nthawi yokolola, inu n'kulemba "chaka chimodzi" kuti mzere wa anthu uyende, kompyuta ilibe njira yodziwira kuti mwangoyerekeza. Funsani buku la kuchipatala, ndipo ngati latayika, thandizanani ndi mayiyo kupeza mwezi weniweni pokumbukira zomwe zinkachitika m'mudzi.

Pali zina zing'onozing'ono zomwe phukusili limafunsa. Mwana wosakwana zaka ziwiri amayezedwa chogona, wopitirira apo choimirira, ndipo munthu akagona amatalikirapo pang'ono. Mukalemba momwe mwamuyezera, anthro imawonjezera kapena kuchotsa masentimita 0.7 kuti zifanane. Mwana akakhala wotupa mapazi onse awiri, phukusili siligwiritsa ntchito kulemera kwake, chifukwa madzi a m'thupi amanamiza sikelo. N'chifukwa chake kabokosi ka kutupa kaja sikoyenera kukadumpha. Mukaiwala kadontho n'kulemba 85 m'malo mwa 8.5, pulogalamuyo imaika chizindikiro kuti nambalayi ndi yosatheka ndipo mwanayo amachotsedwa m'chiwerengero. Koma mukalemba 9.5 m'malo mwa 8.5, nambalayo ndi yotheka, imadutsa osaimitsidwa.

Kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Chiwerengero chotere chimapezeka poyerekeza ana ndi miyezo ya WHO yomweyi, ndipo ndi chomwe boma ndi mabungwe amayang'ana pogawa thandizo.

Mliri ukabuka

Palibe amene waiwala kolera yomwe idayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira m'maboma onse. Anthu oposa 58,000 adadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira, kutanthauza kuti mwa odwala 100 alionse pafupifupi atatu ankatisiya, pomwe WHO imati pamene chithandizo chili bwino asafike ndi mmodzi yemwe. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa. Pa nthawi yotere mkulu wa zaumoyo amafuna kudziwa m'mawa uliwonse komwe odwala akuchulukira, kuti aone kotumiza madiripu, ORS, kolorini ndi matenti. Lipoti lofika patatha masabata awiri limapeza maliro atachitika kale.

Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières lidaona kuti antchito ake amataya masiku polemba lipoti lofananalo kuyambira pachiyambi pa mliri uliwonse. Kudzera m'ntchito yotchedwa R4Epis, lidakonza phukusi la sitrep lomwe lili ndi malipoti okonzeratu a kolera, chikuku, matenda oumitsa khosi ndi chikasu. Wogwira ntchito amalowetsa mndandanda wa odwala, n'kutuluka lipoti lokhala ndi zithunzi ndi mapu. Mu 2021 gulu la akatswiri a miliri lomwe pano limatchedwa Applied Epi lidatulutsa buku laulere, The Epidemiologist R Handbook, lofotokoza ntchito zoterezi imodzi ndi imodzi. Adalimasulira m'ziyankhulo zingapo kuphatikizapo Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo lili ndi kope loti mungalisunge m'kompyuta n'kumawerenga popanda intaneti. Olembawo ankadziwa kuti kumene kumagwa miliri netiweki siikhala yodalirika.

Phukusi lina, EpiEstim, limayerekeza kuti wodwala mmodzi akupatsira anthu angati. Nambala imeneyinso amaitcha R, ngakhale sizikugwirizana ndi dzina la chiyankhulochi, zidangokumana. Ikakhala 2, odwala 10 amasanduka 20, kenako 40, kenako 80. Ikatsika kufika pa 0.8, odwala 10 aja amatsatiridwa ndi 8, kenako 6, mpaka mliri kuzilala. Chikuku n'choopsa pachifukwa chimenechi: pakati pa anthu osabayidwa katemera, wodwala mmodzi angapatsire anthu 12 mpaka 18, n'chifukwa chake pamafunika kuti ana 95 pa 100 alionse alandire katemera kawiri kuti chisafalikire. Kuti masamuwa atheke pamafunika tsiku lomwe munthu adayamba kudwala, lomwe nthawi zambiri limasiyana ndi tsiku lomwe adafika kuchipatala. Mafomu ambiri ali ndi malo a masiku onse awiri. Lembani onse.

Ntchito yatsopano kuposa izi ndi ya Epiverse, yomwe ikufuna kuti zida za miliri zizilumikizana bwino m'malo moti chilichonse chizikhala pachokha. Mwa omwe akulemba zidazi muli akatswiri a ku MRC Unit ya ku Gambia ndi a m'mayunivesite a ku Colombia, pamodzi ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine. Zimenezi n'zofunika, chifukwa munthu yemwe adaonapo kaundula wonyowa ndi mvula amapanga chida chosiyana ndi cha yemwe amangolandira fayilo yoyera. Zina mwa zida zawo n'zongokonza mndandanda wa odwala: kupeza dzina lolembedwa kawiri, masiku osokonekera, ndi mipata yosadzazidwa.

Kukonza kumeneku ndiko kumadya nthawi yambiri ya wowerengera. Mudzi umodzi ukalembedwa m'njira zitatu, wina ayambe ndi "GVH", wina alembe dzina lokha, wina aphonye chilembo, kompyuta imaona midzi itatu yokhala ndi odwala ochepa uliwonse, ndipo malo omwe pali chitsime choipa sawonekera pamapu. Tsiku lolembedwa 03/04 lingakhale 3 Epulo kapena 4 Malichi. Kabokosi kosiyidwa kopanda kanthu sikanena ngati kunalibe wodwala kapena simudapiteko, choncho ngati kunalibe, lembani 0. Dokotala John Snow wa ku London adatha kuloza mpope wa pa Broad Street mu 1854 chifukwa ankadziwa nyumba yeniyeni yomwe munthu aliyense womwalira ndi kolera ankakhala. Manambala akewo alipobe m'phukusi la R lotchedwa HistData, ndipo ophunzira amajambulanso mapu ake pophunzira.

Kampani yomwe idapanga RStudio, pulogalamu yomwe ambiri amalembera R, idasintha dzina kukhala Posit mu 2022. M'chaka chomwecho idatulutsa Quarto, yomwe imalola kuti mawu, masamu ndi zithunzi zikhale m'chikalata chimodzi chomwe chimadzikonza chokha manambala akasintha, n'kutuluka ngati Word kapena PDF. Palinso Shiny, ya mu 2012, yopangira tsamba lomwe munthu wosadziwa R angasankhepo boma lake n'kuona chithunzi chake. Mawu a pazithunzizi angalembedwe m'chiyankhulo chilichonse. Palibe choletsa kuti chithunzi cha malungo a m'dera lanu chikhale ndi mutu wa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka n'kupachikidwa pakhoma la chipatala. Ngati mwakhala mukutumiza malipoti zaka ndi zaka osaonapo chomwe chidatulukamo, funsani pamsonkhano wa pamwezi. Pempho limenelo silovutanso kulikwaniritsa monga kale.

Amene amaisamala

R ilibe mwini mmodzi. Imayendetsedwa ndi kagulu ka anthu pafupifupi 20, mothandizidwa ndi R Foundation yomwe ili ku Vienna, ndipo mtundu watsopano waukulu umatuluka cha mu Epulo chaka chilichonse. Oyang'anira CRAN ndi anthu odzipereka ngati inu, ndipo ndi okhwimitsa zinthu: phukusi likayamba kulephera mayeso mwini wake osalikonza, amalichotsa pamndandanda. Izi zimakwiyitsa ena, koma pankhani ya zaumoyo kukhwimitsa kotereku n'koyamikirika. Kufooka kwake n'kwakuti chida chofunika kwambiri chingakhale m'manja mwa munthu mmodzi yemwe amachisamala usiku akaweruka kuntchito, ndipo iye akatopa chidacho chimakalamba.

Ogwiritsa ntchito R amakumana pamsonkhano wa useR!, womwe udayamba mu 2004, ndipo a zachipatala ali ndi wawo wotchedwa R/Medicine. Kuno ku Africa misonkhano ya tsiku limodzi yotchedwa satRday yachitikapo ku Cape Town ndi ku Johannesburg. Gulu lomwe makolo a ana aakazi ayenera kulidziwa ndi R-Ladies. Adaliyambitsa ndi mayi Gabriela de Queiroz a ku Brazil mu 2012 mumzinda wa San Francisco, pofuna kuti amayi azikhala ndi malo ophunzirirana momasuka, ndipo lero lili ndi nthambi m'mizinda yambiri kuphatikizapo Nairobi, Lagos ndi Johannesburg. Maphunziro awo ndi aulere ndipo ambiri amachitikira pa intaneti. Palinso mwambo wa TidyTuesday, womwe udayamba mu 2018: sabata iliyonse amatulutsa manambala a nkhani ina yake, aliyense n'kujambula chithunzi chake ndi kuonetsa momwe wachitira, kuti ena aphunzirepo.

Inu makolo, ngati muli ndi mwana wa kusekondale yemwe masamu amamukonda, kapena wamaliza Fomu 4 ndipo akudikira zotsatira, iyi ndi ntchito yomwe angayambe kuiphunzira ali pakhomo. Tisanamizane kuti palibe chomwe mungawononge. Pamafunika laputopu, ngakhale yakale, magetsi kapena sola yoitchajira, ndi bandulo yotsitsira pulogalamuyo, yomwe payokha siifika 100 MB. Ikalowa m'kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. Phukusi la swirl limaphunzitsa R m'kati mwa R momwemo, kufunsa funso ndi kudikira yankho. Pali ngakhale webR, yomwe imayendetsa R pa browser osaika chilichonse m'makina, ngakhale kulemba malangizo pafoni n'kotopetsa. Mabuku ambiri ali m'Chingerezi, ndiye mwanayo asanyoze phunziro limenelo. Akafuna kupitiriza, University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa masamu a chiwerengero kufikira digiri yachiwiri ya biostatistics. Poyambira safunika manambala a kutali. Matumba a chimanga omwe banja lakolola chaka ndi chaka, mitengo ya pamsika, kapena masiku omwe mvula yagwa n'zokwanira kujambulira chithunzi choyamba.

Chenjezo limodzi likhale la nonse, makolo ndi odzipereka. Masiku ano mapulogalamu ngati ChatGPT amatha kulemba malangizo a R munthu akangofotokoza zomwe akufuna, ndipo ophunzira ambiri akudalira zimenezi. Nthawi zina amalemba zooneka bwino koma zolakwika, choncho yankho lililonse liziyesedwa pa manambala ochepa omwe mungawawerenge pamanja. Choopsa kwambiri n'kumata mndandanda wa odwala, wokhala ndi maina, midzi ndi zotsatira za magazi, m'pulogalamu yoteroyo kuti ikukonzereni. Mukatero uthengawo wapita kumakompyuta a kampani ya kunja ndipo simungaubwezenso. Kujambula tsamba la kaundula n'kuliponya pagulu la WhatsApp lomwe muli anthu osakhudzidwa n'chimodzimodzi. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wa anthu, ndipo za umoyo wa munthu zili m'gulu la zofunika kusamalidwa kwambiri. Wophunzira amene akufuna mndandanda woyeserera asabwereke kaundula wa kusikelo: buku la Applied Epi lija limabwera ndi mndandanda wongopeka wa odwala Ebola, womwe adaukonza dala ndi zolakwika zake kuti anthu aziphunzirirapo kukonza.